NYALI YOPEMPHA NJIRA: ULENDO WA OZIMITSA MOTO ODZIPEREKA

Wolemba Mtolankhani Wathu

MUNTHU ali yense amene anakulira kumudzi adziwa bwino cimene cimacitika pamene mfuu ya moto imveka pakati pa usiku. Palibe amene amayamba wafunsa kuti nyumba irikupsayo ndi ya yani, kapena kuti akathandiza adzalipidwa zingati. Abambo amatuluka ndi makasu ndi nthambi zaziwisi, amai ndi mitsuko ya madzi, ndipo ana amathamanga kukadzutsa amene akali m'tulo. Makolo athu anati mnzako akapsa ndebvu mzimire, pakuti mawa adzazima zako.

Mtima womwewu uliponso ku maiko a kutsidya la nyanja. Ambiri a ife tiganiza kuti ku America ndi ku Canada moto uli wonse umazimitsidwa ndi anthu olembedwa nchito ndi Boma, amene amakhala pa siteshoni usana ndi usiku kuyembekeza kuitanidwa. Zimenezo ziri conco makamaka m'mizinda. Bungwe la National Fire Protection Association linawerenga kuti m'caka ca 2020 dziko la America linali ndi ozimitsa moto 1,041,200, ndipo mwa amenewa 676,900 anali anthu odzipereka cabe. Ku Canada pafupi-fupi 7 mwa ozimitsa moto 10 ali onse ndi odzipereka, ndipo ku Germany alipo pafupi-fupi miliyoni imodzi. Mwambo umenewu ndi wakale ndithu, pakuti Benjamin Franklin anayambitsa gulu lotere mumzinda wa Philadelphia m'caka ca 1736.

Anthu amenewa ndi alimi, aphunzitsi, amakanika ndi ogulitsa m'masitolo. Ngozi ikagwa, kacipangizo kamene amayenda nako m'thumba kamalira, kapena uthenga umafika pa foni, ndipo mlimi amasiya talakita m'munda nakwera galimoto yake kunka ku siteshoni kumene kuli galimoto yaikulu yozimitsira moto. Bvuto liyambira pamenepa. Galimoto yake ya mlimiyo iri ngati galimoto ina iri yonse. Munthu amene ali patsogolo pake, woyenda pang'ono-pang'ono kupita ku sitolo, adzadziwa bwanji kuti wakumbuyoyo alikuthamangira nyumba imene muli ana? Ndipo ngati tim'patsa cizindikiro, tidzam'letsa bwanji kuti asaphe munthu wina panjira pofuna kupulumutsa wina? Mafunso awiriwa ndiwo anabala malamulo amene tifuna kufotokozera owerenga athu sabata ino.

NYALI YOBIRIWIRA YA KU ONTARIO

Ontario ndi cigawo ca dziko la Canada, koma kukula kwake cipambana dziko lathu lonse la Zambia. Kunja kwa mizinda monga Toronto ndi Ottawa kuli mafamu ndi timatauni tating'ono totalikirana, kumene makhonsolo sangakwanitse kulipira ozimitsa moto okhala pa siteshoni nthawi zonse. M'caka ca 1994 Boma la cigawoci linasintha lamulo lake la pa mseu, lochedwa Highway Traffic Act, kuti wozimitsa moto aloledwe kuyatsa nyali yothwanima yobiriwira ngati msipu pa galimoto ya iye mwini pamene alikupita ku moto kapena ku ngozi ina. Ambiri amaiika mkati, kuseri kwa galasi lakutsogolo. Lamulo lomwelo liletsa munthu wamba kuyatsa nyali yotere.

Tsono cofunika kucimvetsa ndi ici: nyali imeneyi sim'patsa mwini wake mphamvu iri yonse. Saloledwa kupitirira liwiro loikidwa pa mseuwo. Maloboti akafiira aima monga munthu wina ali yense, ndipo pa cikwangwani coimitsa aimanso. Alibe sailini. Akapalamula ngozi, mlandu ndi wake, ndipo apolisi am'lipiritsa monga momwe alipiritsira ena. Nyaliyo ndi pempho cabe, monga munthu amene anena kuti "zikomo, ndipiteko" pa khamu la anthu pa msika. Amene ali patsogolo sakakamizidwa ndi lamulo kupatuka, koma apemphedwa kutero ngati aona kuti pali malo abwino opatukirapo. Makhonsolo ambiri a kumidzi anaika zikwangwani m'mbali mwa miseu zofotokoza tanthauzo la nyaliyi, cifukwa alendo ocokera m'mizinda kawiri-kawiri saidziwa, ndipo ena amangoyang'ana m'kalirole nadabwa.

Cigawo coyandikana naco ca Quebec cinayenda mocenjera koposa. Cinayamba kuyesa nyali yobiriwira m'maboma awiri okha m'caka ca 2015, ndipo cinailola m'cigawo conse pa 1 April 2021. Kumeneko wozimitsa moto ayenera kuyamba waphunzira za kagwiritsidwe nchito ka nyaliyo, ndiponso mbiri yake ya kayendetsedwe ka galimoto iyenera kukhala yopanda milandu ikulu-ikulu. Cimene anam'patsa coonjezera ndi cacing'ono: angathe kuyenda m'mphepete mwa mseu ndi kuimika galimoto pamalo pamene ena saloledwa, ngati nchito ifuna conco ndipo saika moyo wa ena pa ngozi. Za liwiro ndi maloboti ziri cimodzi-modzi ndi ku Ontario.

Wina angafunse kuti, nanga phindu la nyali yopanda mphamvu ndi lotani? Phindu lake lioneka pa mseu wopapatiza wa kumidzi, pamene galimoto imodzi yoyenda mwaulesi ingacedwetse munthu mtunda wautali. Woyendetsa wacifundo akangopatuka, wozimitsa moto apitirira pa liwiro lololedwa popanda kulanda mbali ya mseu ya amene alikubwera kutsogolo. Galimoto yaikulu singacoke pa siteshoni kufikira atafika anthu okwanira oiyendetsa ndi kugwira mipope, motero kucedwa kwa munthu mmodzi kucedwetsa gulu lonse.

MTUNDU UMODZI, MATANTHAUZO AMBIRI

M'Cinyanja mau akuti kubiriwira nthawi zina agwira nchito pa msipu ndi pa thambo lomwe, koma pa nkhani ino tiyenera kusiyanitsa, ndipo mtundu wa thambo tiucha buluu, monga uja amai amathira m'madzi pocapa malaya oyera.

Ku America cigawo ciri conse ciri ndi malamulo ace, ndipo munthu wa paulendo angasokonezeke. Ku New York wozimitsa moto wodzipereka ayatsa nyali ya buluu, pamene wodzipereka wa gulu la ambulansi ayatsa yobiriwira. Onse awiri ayenera kukhala ndi cilolezo colembedwa ndi kusainidwa ndi mkulu wa gulu lao, kuyenda naco nthawi iri yonse pamene ayatsa nyaliyo, ndipo mkuluyo angathe kucilanda tsiku liri lonse. Ku Pennsylvania odzipereka wamba ali ndi buluu, koma mkulu wa gulu ndi omutsatira aloledwa nyali yofiira pamodzi ndi sailini. Ku Texas lamulo liwerengera galimoto ya wozimitsa moto wodzipereka ngati galimoto ya ngozi yeni-yeni pamene alikuyankha kuitana. Komanso m'zigawo zambiri za kum'mwera buluu ndi mtundu wa apolisi, kotero kuti nyali imene ku New York ingopempha njira, kwina ikulamula kuti uime. Ku Ontario buluu kwa zaka zambiri anali wa magalimoto okankha cipale cofewa pa miseu nyengo yozizira, ndipo apolisi analoledwa kuphatikiza buluu ndi nyali zao zofiira m'caka ca 2007.

Ngakhale kumene lamulo lipatsa wodzipereka mphamvu yodutsa maloboti ofiira kapena kupitirira liwiro, limaonjezera mau amodzi amene makhoti amawagwira kolimba: woyendetsayo akhalabe ndi udindo wosamala moyo wa anthu onse a pa mseu. Nyali sikhululukira kusasamala.

Ku Britain nyali yobiriwira ndi ya madotolo amene alikupita kwa wodwala wamwadzidzidzi, molingana ndi malamulo a nyali za magalimoto a m'caka ca 1989, ndipo nayonso simasula dotolo ku lamulo liri lonse la pa mseu. Odzipereka a bungwe la RNLI, amene amapulumutsa anthu omira pa nyanja kuyambira m'caka ca 1824, amapita ku doko m'magalimoto ao popanda nyali ya buluu. Ku Germany nako wodzipereka wamba saloledwa nyali ya buluu pa galimoto yake. Ena amangoika kacikwangwani kosayaka pa denga kolembedwa kuti wozimitsa moto ali pa nchito, ndipo kacikwangwaniko sikalamula munthu ali yense. Dziko limene liri ndi odzipereka miliyoni linaona kuti nyali zothwanima miliyoni m'manja mwa anthu wamba zingabweretse cipwirikiti coposa cimene zingathetse.

KODI LIWIRO LIPINDULITSA MPHINDI ZINGATI?

Funso ili linawabvuta madotolo a ku America, ndipo anapita pa mseu ndi mawochi kukayesa. Mumzinda wa Greenville ku North Carolina anayerekeza ulendo wa ambulansi yonyamula wodwala kupita ku cipatala itayatsa nyali ndi sailini, ndi ulendo womwewo popanda zimenezi. Zotsatira zace zinasindikizidwa m'caka ca 1995: kusiyana kwake kunali masekondi 43.5 okha. Ku Syracuse, m'cigawo ca New York, kafuku-fuku wa m'caka ca 2000 anapeza mphindi imodzi ndi masekondi 46. Kumidzi ya ku Minnesota, kumene mitunda ndi yaitali, wa m'caka ca 2001 anapeza kupitirira pang'ono mphindi zitatu ndi theka.

Tisanyoze mphindi zimenezi. Kwa munthu amene mtima wake waima, kapena mwana amene watsamwa, mphindi imodzi ndi moyo. Koma odwala otere ndi ocepa pakati pa onse amene amaitanitsa ambulansi, ndipo liwiro liri ndi mtengo wake. M'caka ca 2019 akatswiri ena anasindikiza zimene anapeza atapenda maulendo a ambulansi pafupi-fupi mamiliyoni 19 a m'dziko lonse la America. Popita kukatenga wodwala, pa maulendo 100,000 ali onse panali ngozi 4.6 popanda nyali ndi sailini, ndi ngozi 5.4 pamene zinayatsidwa. Pobwerera ndi wodwala kusiyana kunali kwakukulu koopsa: ngozi 7.0 popanda nyali, koma 17.1 ndi nyali. Ndiye cifukwa cake magulu ambiri masiku ano amayamba afunsa bwino za matenda asanalamule kuti sailini ilire.

Owerenga akumbukire kuti ziwerengero zonsezi ndi za maambulansi eni-eni, akulu, opakidwa utoto woonekera patali, oyendetsedwa ndi anthu ophunzitsidwa. Nanga kotani kagalimoto ka mphunzitsi kokhala ndi kanyali kamodzi kuseri kwa galasi?

Masamu ake munthu angathe kuwawerenga yekha. Mtunda wa makilomita 10 pa liwiro la makilomita 80 pa ola utenga mphindi zisanu ndi ziwiri ndi theka. Pa liwiro la makilomita 100 utenga mphindi zisanu ndi imodzi. Wapindula mphindi imodzi ndi theka. Koma pa liwiro la makilomita 100 galimoto iyenda pafupi-fupi mamita 28 pa sekondi iri yonse, kotero kuti pamene diso liona mwana pa mseu ndi phazi lifika pa buleki, galimoto yapita kale mtunda woposa pamenepo isanayambe n'komwe kucepetsa liwiro. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mabuleki uwirikiza kanai. Akulu-akulu anaona kale kuti kuthamanga sikufika.

Ku America matenda a mtima ndiwo amapha ozimitsa moto ambiri pa nchito, ndipo zaka zambiri ngozi za pa mseu zimatsatira pa malo aciwiri, osati moto weni-weniwo. Pakati pa odzipereka, gawo lalikulu la ngozi zakupha zimacitika m'magalimoto a eni ake, popita ku siteshoni kapena ku malo a ngozi, ndipo kawiri-kawiri malipoti amaonetsa zinthu ziwiri zomwe-zomwezo: liwiro lopitirira, ndi lamba wosamanga. Wodzipereka akagwa m'ngalande, gulu limene linali kupita ku ngozi imodzi tsopano liri ndi ngozi ziwiri, ndipo liyenera kudzigawa pakati. Mwini nyumba ija irikupsa ndiye ayembekeza nthawi yaitali koposa.

Aphunzitsi a nchitoyi amacenjeza za cinthu cina cosaoneka ndi maso. Munthu akadzutsidwa pa tulo ndi kulira kwa kacipangizo, mtima umagunda mothamanga, manja amagwira ciongolero mwamphamvu, ndipo maso amangoona kutsogolo kokha monga munthu wosuzumira mu mpope. Nyali yothwanima imaonjezera kutentha kwa magazi kumeneku, ndipo phazi limapondereza mafuta mwini wake osazindikira. Acinyamata ongolowa kumene nchito ndiwo amagwa msanga mu msampha umenewu, ndiye cifukwa cake magulu ena sapereka nyali kwa munthu kufikira atakhala m'gulumo nthawi yoikika. Womwa mowa auzidwa kuti tsiku limenelo akhale kunyumba, ngakhale moto ukhale waukulu cotani.

PA MPHAMBANO

Ngozi zambiri za magalimoto a ngozi zimacitika pamene miseu ikumana. Cifukwa cake n'cosabvuta. Nyali ioneka bwino kwa amene ali kutsogolo kapena kumbuyo, koma wocokera m'mbali, wobisika ndi nyumba kapena munda wa cimanga, saiona konse kufikira galimoto itatulukira. Sailini nayo imalira kutsogolo, ndipo munthu wotseka mazenera nayatsa wailesi amaimva itafika kale pafupi. Malamulo a National Fire Protection Association afuna kuti ngakhale galimoto yaikulu yozimitsira moto iime ndithu pa maloboti ofiira, pa cikwangwani coimitsa, pa mphambano yosaoneka bwino, pa njanji yopanda mlonda, ndiponso kumbuyo kwa basi ya ana a sukulu imene yaima kutsitsa ana. Afunanso kuti galimoto isacoke munthu ali yense asanamange lamba.

Palinso ngozi zimene galimoto ya nyali imasiya m'mbuyo mwake osadziwa. Woyendetsa wina akaona kuthwanima m'kalirole amadzidzimuka, naponda mabuleki pakati pa mseu, ndipo wakumbuyo kwake am'gunda. Wina amapatukira pa oyenda pansi. Cifukwa ca ici wodzipereka aphunzitsidwa kuti asayandikire kwambiri galimoto ya patsogolo, asaiopseze ndi hutala, ndipo ngati mwini wake sapatuka, am'tsate moleza mtima. Mwina munthuyo ndi nkhalamba, mwina ndi gonthi, mwina waona dzenje m'mbali limene wakumbuyo saliona.

Uthenga ukabwera kuti moto wazimitsidwa kale kapena kuti anthu akwanira, nyali iyenera kuzimitsidwa pomwepo. Pobwerera kunyumba siyatsidwa. Woiyatsa cifukwa wacedwa ku nchito kapena ku mpira am'landa cilolezo, pakuti anthu a m'tauni akaona munthu wa nyali yobiriwira alikuima pa sitolo kugula fodya, mawa sadzapatukiranso mnzake amene alikupitadi ku moto.

KUFIKA SI KUTHA KWA NGOZI

Pa mseu waukulu, malo a ngozi ndi oopsa kwa opulumutsa eni ake. M'mwezi wa January 1994 James Garcia, wanchito wa ambulansi, anagundidwa ndi galimoto pamene anali kuthandiza pa ngozi pafupi ndi Lexington ku South Carolina. Codabwitsa cinali cakuti iye ndiye analembedwa kuti ndi wolakwa, popeza panalibe lamulo loteteza munthu wogwira nchito pakati pa mseu. Atacira anayamba kudandaulira opanga malamulo, ndipo m'caka ca 1996 cigawoco cinakhazikitsa lamulo loteteza ogwira nchito pa malo a ngozi. Pofika m'caka ca 2012 zigawo zonse 50 za America zinali ndi malamulo ouza oyendetsa kuti akaona galimoto ya ngozi itaima ndi nyali zoyaka, acepetse liwiro ndi kusendera ku mzere wina ngati kuli kotheka. Ku New York lamuloli linayamba m'caka ca 2011, ndipo m'caka ca 2017 linafutukulidwa kuti litetezenso odzipereka a nyali za buluu ndi zobiriwira. Apa ndi pamene kanyali kopempha kaja kanapeza mano: poyenda kangopempha, koma kakaima m'mbali mwa mseu pa malo a ngozi, lamulo likakamiza odutsa kusamala.

Anthu ambiri aganiza kuti nyali zikaculuka citetezo ciculukanso. Usiku sizitero. Nyali zamakono za LED ziwala koopsa, ndipo magalimoto asanu kapena khumi akaima pamodzi, iri yonse ikuthwanima mwa njira yake, woyendetsa wobwera amathobwa m'maso. Aona kuwala kokha, koma munthu woimirira pambali pa kuwalako samuona. Akatswiri ena anenanso kuti woyendetsa wotopa kapena woledzera amayang'anitsitsa nyaliyo, ndipo manja amatsata kumene maso ali, kufikira galimoto ilunjika pa nyali yomweyo. Ife amene timachera inswa ndi nyali nyengo ya mvula sitingadabwe nazo.

Motero malangizo a pa malo a ngozi ndi otsutsana ndi cimene mtima ufuna. Wodzipereka aimika galimoto yake kutali ndithu, mbali imodzi ndi anzake, kusiya malo a ambulansi ndi galimoto ya madzi. Azimitsa nyali zakutsogolo kuti zisalase m'maso mwa obwera. Nyali zothwanima zosafunika zizimitsidwa, ndipo pa magalimoto amakono zotsalazo zicepetsedwa mphamvu usiku. Galimoto yaikulu ndiyo iimikidwa copingasa ngati linga, mateyala ake atapotolozedwa kuloza kutali ndi ogwira nchito, kuti ikagundidwa isakankhidwire pa iwo. Munthu satuluka asanabvale cobvala conyezimira, ndipo safulatira magalimoto obwera. Magulu ena analetseratu odzipereka kupita ndi magalimoto ao pa ngozi za m'miseu ikulu: onse ayamba afika ku siteshoni, nakwera galimoto imodzi.

NANGA KUNO KWATHU?

Kuno magulu ozimitsa moto ali m'manja mwa makhonsolo, ndipo nyali yobiriwira ya ku Ontario iribe tanthauzo pa miseu yathu. Munthu asawerenge nkhani ino nakagula kanyali kothwanima pa msika kuti naye ndi wodzipereka. Apolisi ndi a Road Transport and Safety Agency akhala akucenjeza nthawi ndi nthawi anthu oika nyali zotere ndi masailini pa magalimoto ao popanda cilolezo, ndipo cenjezo limeneli ndi loyenera, pakuti nyali yabodza iri yonse imacepetsa ulemu umene anthu amapatsa ambulansi yeni-yeni.

Koma odzipereka tiri nao, ndipo ambiri a iwo alibe galimoto konse. Alipo a Red Cross ndi a St John amene amapereka cithandizo coyamba. Alipo a magulu a SMAG amene amaperekeza amai apakati ku cipatala. M'boma la Serenje, m'caka ca 2017, odzipereka opalasa maambulansi a njinga anayamba kunyamula ana odwala malungo aakulu kupita nao ku cipatala usana ndi usiku. Kwa anthu otere, ndi kwa mlimi amene amanga ng'ombe pa ngolo usiku kuti atengere mnansi wake ku cipatala, bvuto si kupempha njira koma kuoneka. Njinga kapena ngolo yopanda conyezimira kumbuyo, pa mseu wa Great East usiku wopanda mwezi, dalaivala wa lole amaiona atafika kale. Tochi yoyera kutsogolo, conyezimira cofiira kumbuyo, ndi cobvala cowala pa thupi ndi zinthu zotsika mtengo zimene komiti ya za umoyo ya m'mudzi ingathe kusonkhera. Woperekeza wonyamula tochi aiwalitse pansi ndi pa ngolo, osati m'maso mwa dalaivala wobwera.

Inu oyendetsa galimoto, mukamva sailini kapena kuona nyali za ambulansi kumbuyo kwanu, kumbukirani kuti ku Canada ndi ku America amapatukira kumanja cifukwa amayenda mbali ya kumanja, koma ife tiyenda kumanzere, ndipo kopatukira kwathu ndi kumanzere. Yambani mwayang'ana ngati m'mbalimo mulibe wa njinga kapena mwana, onetsani cizindikiro, cepetsani liwiro pang'ono-pang'ono, ndipo musaime pa khona kapena pa msonga ya citunda pamene ambulansi singathe kukupitirirani bwino. Ikadutsa musaithamangire m'mbuyo kuti mupezerepo njira, ndiponso dikirani pang'ono, cifukwa nthawi zina pambuyo pake pamabwera ina.

Amene afika poyamba pa ngozi ya pa mseu kumidzi kawiri-kawiri ndi anthu a m'mudzi wapafupi. Asanayambe kunyamula obvulala, mmodzi kapena awiri apite kutali ndithu mbali zonse ziwiri kukacenjeza magalimoto obwera, ataimirira kunja kwa tala. Galimoto iri yonse iyenera kukhala ndi zizindikiro ziwiri zofiira za makona atatu, ndipo zimenezi ziikidwe cina kutsogolo cina kumbuyo, patali pokwanira kuti lole yolemera iime. Pamene zizindikirozi palibe, anthu amayala nthambi pa mseu monga mwa cizolowezi. Nthambizo ziyambire kutali, makamaka ngati ngozi iri kuseri kwa khona, ndipo miyala isaikidwe konse. Magalimoto oonongeka akacotsedwa, amene anayala nthambizo abwerere kukazicotsa zonse tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe.